Namzeze Wopanda Diso

1

Dzina langa ndine Godfrey, koma mukafika ku Ndirande n'kufunsa dzina limeneli, anthu akuyang'anani ngati mwasokera. Funsani Goddie wa matatuu. Akulozerani kashopu kobiriwira kuseri kwa msika, pakati pa wowotcherera mageti ndi mayi wogulitsa makala. M'mawa ndimameta anthu, masana ndimawadinda zithunzi pakhungu. Ndadinda mikango, mitanda, ndi maina a zibwenzi zomwe zinatha inki isanaume n'komwe. Koma chimene chinanditchukitsa ndi namzeze.

Mumakadziwa kambalame kaja ka mchira wamphanda, kamene kamamata chisa chadothi pansi pa denga la khonde. Kamasowa miyezi yambiri, kenako mumangoona kabwerera pachisa chake chomwe chija. Akuti kale amalinyero a maiko akutali ankadinda kambalameka pachifuwa akabwerako ku ulendo wautali wapanyanja. Ena ankati munthu akamira, namzeze amanyamula mzimu wake n'kupita nawo kwawo. Zimenezi ndinaziwerenga pafoni, ndipo ndinaona kuti zikugwirizana ndi anyamata athu. Ife tilibe zombo, tili ndi mabasi a ku Joni.

Ndiye ndinayambitsa kamwambo kangakanga. Munthu akamanyamuka kupita ku Joni, ndinkamudinda namzeze kumanzere kwa chifuwa, pamwamba pa mtima, koma diso sindinkaika. Ndinkamuuza kuti, "Diso udzalitenga ukadzabwera." Akabwera, ndinkadontheza kadontho kamodzi kakuda, basi mbalame yapenya. Anyamata anaikonda nkhaniyi koopsa. Ena ankangotsika basi n'kubwera kushopu ndi zikwama zomwe, amayi awo asanawaone.

Woyamba kulandira diso anali mlamu wanga Raymond, mwamuna wa achemwali anga a Idah. Anakhala ku Joni zaka zinayi akumanga nyumba za eni, ndipo tsiku limene ndinamuika diso anaseka mpaka singano inatsala pang'ono kundipulumuka.

Ndikulemba izi chifukwa ku Misesa kuli manda amodzi amene ndakhala ndikuwazemba zaka ziwiri. Achemwali anga ankapeza mtendere pamanda amenewo, ndipo ine ndekha ndinkadziwa kuti mawu anga ochepa chabe akhoza kuwalanda mtenderewo.

2

A Idah ndi Raymond ankakhala ku Manje, m'munsi mwa phiri la Soche, ndi mwana wawo wamkazi Tadala. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atafika, mvula inagwa masiku atatu osapuma. Lolemba phiri linatsika, matope ndi miyala yaikulu ngati minibasi. Raymond anatulutsa mkazi wake ndi mwana, kenako anabwerera kukanyamula agogo ena oyandikana nawo nyumba amene sankatha kuyenda. Palibe anamuonanso.

Achemwali anathyoka mwendo pawiri ndipo anawagoneka m'chipatala. Ine ndi a Malizani, amalume ake a Raymond, tinayamba kufunafuna. Tinakumba ndi makasu, tinakumba ndi manja. Tinayenda m'misasa ya anthu othawa madzi tikufuula dzina lake. Madzulo aliwonse ndinkapita kuchipatala, ndipo achemwali ankangondiyang'ana kumaso n'kutembenukira kukhoma.

Lachinayi anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Achimwene, musabwerenso kuno chimanjamanja. Ndipezereni mwamuna wanga. Ngakhale fupa lokha, ndikaliike m'manda."

Lachisanu masana tinalowa m'nyumba yachisoni. Fungo lake sindilifotokoza, ndipo musandifunse. Mitembo inali yondandalika pansi chifukwa malo anatha. Wogwira ntchito mmenemo anatitsogolera kwa mwamuna wina amene anamufukula m'munsi mwa Manje. Nkhope panalibe, miyala inali itamaliza. Anang'amba malaya ake ndi lumo, ndipo pachifuwa, pansi pa matope, panaoneka mapiko a namzeze.

A Malizani anagwira pakamwa.

"Ndi yemweyu! Mwana wa mlongo wanga! Godfrey, tayang'ana, dzanja lako si ili?"

Ndinagwada. Ndinapukuta matope ndi chala chachikulu, ndinayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi dzanja langa," ndinayankha.

Tinasaina mapepala. Loweruka tinakaika maliro ku Misesa bokosi lili chitsekere. Achemwali anabwera nawo panjinga ya odwala, ndipo dothi litakwiriridwa anandiitana n'kundinong'oneza kuti, "Mulungu akudalitseni, achimwene. Ena sanapeze ngakhale nsapato." Ndinanamizira kutsokomola.

3

Zaka ziwiri zinadutsa. Achemwali anachira, ngakhale kuti amatsimphina, ndipo anapeza kanyumba ka lendi ku Zingwangwa. Mwezi uliwonse ankapita ku Misesa ndi tsache ndi chigubu cha madzi. Anadzala maluwa ofiira kumutu kwa manda. Tadala akakhoza mayeso ankapita kukawerengera adadi ake malikisi. Achemwali akandiitana, ine nthawi zonse ndinkakhala ndi kasitomala.

Chaka chatha banja linagwirizana zomanga chiliza. Anasankha Loweruka lomaliza la Ogasiti kuti likhale tsiku lochivundukula.

Kutatsala pafupifupi milungu itatu, Lachitatu cha m'ma 10 koloko m'mawa, pakhomo la shopu panaima mayi wachikulire atavala hijabu yotuwa. Anthu otere salowa malo ngati anga. Anayang'ana zithunzi zapakhoma ngati akuwerenga machimo a tauni yonse, kenako anatulutsa pepala lopindapinda m'kachikwama.

"Goddie ndinu?"

"Ndine, mayi. Khalani pabenchipo."

"Ine ndine Mwanamisi, ndachokera ku Bangwe. Pepala ili ndalipeza m'thumba la jekete ya mwana wanga. Kuseri kwake kuli dzina lanu."

Ndinalitambasula. Linali pepala limene ndimajambulapo chithunzi ndisanachisindikize pakhungu. Namzeze, mapiko otambasula, pamalo pa diso pali poyera. Pansi pake ndinalemba ndekha ndi bolopeni kuti Haruna. 

"Haruna wanga anatsanzika Loweruka lija mvula ya Freddy ikuyamba," anatero mayiwo. "Anati akupita ku Joni. Kuchokera tsiku limenelo, zii. Foni yake siigwira. Ena akuti anamangidwa ku Mozambiki, ena akuti anakwatira kumeneko n'kutiiwala. Ndiye ndiuzeni, mwana wanga, mbalameyi munamulemba pathupi?"

"Ndinamulemba, mayi."

Anapumira m'mwamba. "Astaghafirullah. Chipembedzo chathu sichilola zimenezi, n'chifukwa chake anandibisira. Koma imatanthauza chiyani? Si za satana?"

Apa ndikanatha kunena zambiri. Ndinasankha chimene chinali chosavuta kutuluka pakamwa.

"Ayi, mayi. Imatanthauza kuti munthu adzabwerera kwawo. Namzeze saiwala chisa chake. Mwaona palibe diso? Diso ndimaika munthu akabwera."

Nkhope yawo inawala mwakuti ndinayang'ana pansi. Anaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti anali ndi maganizo obwera. Ndinkadziwa ine! Haruna sangandiiwale. Kodi anakuuzani kuti agona kuti asanakwere basi?"

"Sindikukumbuka, mayi. Anthu amabwera ambiri."

Anachoka akuthokoza. Kasitomala amene anabwera pambuyo pawo ndinamumeta mpaka kumutema khutu.

4

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, koma Lachitatu lotsatira anabweranso, atanyamula nthochi m'kapepala ka pulasitiki.

"Ndaganiza kuti akatsika basi adzayambira kuno kudzatenga diso lake," anatero akukhala pabenchi. "Anyamata ndimawadziwa. Musamuuze kuti ndakwiya. Za mbalameyo ndinakhululuka kale."

Masiku enawo, ndinamva kwa makasitomala anga, ankakhala ku Wenela kumene kumafikira mabasi a ku Joni, akufunsa aliyense wotsika ngati anaonako mnyamata wa namzeze pachifuwa. Wina anandiseka kuti, "Goddie, wapeza wokutsatsira malonda waulere." Ine chakudya chinasiya kulowa. Amene ankabwera kudzafuna namzeze ndinkawauza kuti inki yatha.

Lachitatu la ulendo wawo wachitatu, kutatsala masiku atatu kuti tivundukule chiliza, chimene ndinkachiopa chinachitika. Mayi Mwanamisi ali pabenchi, achemwali anatulukira pakhomo akutsimphina, atanyamula malaya oyera amene tinadinditsa nkhope ya Raymond kuti tidzavale Loweruka.

"Achimwene, anu ndi awa. Ndipo ulendo uno musandiuze za makasitomala."

Anakhala pabenchi pomwepo kuti apumitse mwendo. Akazi awiri akakhala benchi imodzi sipatenga nthawi. Pasanathe mphindi khumi anali atauzana zonse, ine ndikunamizira kutsuka mashini amene ndinali nditatsuka kale.

"Pepani, mayi," ndinamva achemwali akutero. "Kudikira n'kowawa kuposa maliro. Ine bola ndili ndi manda, ndimadziwa kokalira. Ndipo ndikanapanda achimwene angawa sindikanawapeza. Nkhope ya amuna anga inali itawonongeka. Anawazindikira ndi mbalame imene anawalemba pachifuwa."

Mayi Mwanamisi anatembenuka pang'onopang'ono.

"Mbalame yanji?"

"Namzeze. Yomwe ili pakhomayo."

"Anawapeza kuti?"

"Ku Manje, m'munsi mwa phiri."

Kunja wowotcherera mageti ankathetheretsa moto wake. Achemwali anatsanzika n'kupita kukakwera minibasi. Mayi Mwanamisi anakhalabe, manja ali pamaondo.

"Haruna anali ndi mnzake ku Manje," anatero motsitsa mawu. "Majidi. Nayenso anapita ndi matope. Sindinaganizepo kuti mwina anakagona kumeneko." Anandiyang'ana. "Mbalame ya alamu anu inali ndi diso?"

"Inali nalo, mayi. Ndinaliika ndekha."

"Nanga tsiku limene munakaona mtembo, disolo munaliona?"

Ndinayatsa mashini ometera ngakhale kuti pampando panalibe munthu. Ananyamuka n'kutuluka osatsanzika. Nthochi anazisiya pabenchi.

5

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizungulira.

Diso panalibe. Ndinapukuta matope katatu, ndikupemphera kuti kadontho kaja kaoneke, koma pamalopo panali khungu loyera. Ndipo sizinali zokhazo. Namzeze wa Raymond anali wa zaka zisanu ndi chimodzi, inki yake itayamba kale kufwifwa. Wa pamtembowo anali wakuda bii, m'mphepete mwake mukusupuka, monga imachitira tatuu imene sinakwanitse milungu iwiri. Munthu aliyense wa ntchito yanga akanadziwa ndi diso limodzi.

Ndinadziwanso kuti ndi ndani. Haruna anabwera kushopu kwanga kumayambiriro kwa Malichi, mnyamata wamtali wamanyazi, ndipo ndikumudinda anandiuza kuti akatsanzika amayi ake akadikirira thiransipota, munthu womutengera ku Joni, kwa mnzake ku Manje. Opanda diso ena onse anali kale ku Joni. Mu Blantyre monse anali yekha.

Ndiye n'chifukwa chiyani ndinavomera? Kwa zaka ziwiri ndinkadziuza kuti ndinachitira chifundo achemwali anga, ndipo mbali ina n'zoona. Koma ndisakunamizeni, ndinalinso nditatopa. Masiku asanu m'matope, masiku asanu ndikutembenuza mitembo ya ana, ndipo ndinkaopa kukalowanso m'chipatala muja kukaona msana wa achemwali. A Malizani atafuula kuti ndi yemweyu, ndinaona khomo lotulukira, ndipo ndinatulukirapo. Ndinadzitonthoza kuti sindinaname, popeza dzanja linalidi langa.

Mwana wa Chisilamu tinamuveka suti ya Raymond, tinamutsekera m'bokosi, tinamuimbira nyimbo zathu n'kumuzikira mtanda kumutu. Sanasambitsidwe ndi anthu ake, sanakulungidwe m'sanda, palibe shehe anamupempherera. Ndipo amayi ake atabwera kwa ine, m'malo mowauza zoona ndinawatumiza kukadikira mabasi.

6

Lachisanu masana ndinapita ku Zingwangwa. Pakhomo panali piringupiringu. Amayi a kumpingo ankasefa thobwa, ena ankasosola nkhuku, Tadala ankasita malaya oyera aja. Ndinaitanira achemwali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala.

"Achemwali, mawa tisapite ku Misesa."

"Mwayambanso? Vuto lanu ndi manda amenewa n'chiyani?"

"Amene ali mmenemo si alamu."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene sanamve bwino. Ndinawafotokozera zonse, za diso, za inki, za Haruna. Ndikuyankhula anagwira chingwe chija.

"Mayi aja a pabenchi?"

"Eya."

"Ndinawauza kuti ine bola ndili ndi manda. Inu muli pomwepo, mukumva."

"Ndinamva."

"Ndiye Raymond ali kuti?"

"Sindikudziwa, achemwali."

"Zaka ziwiri, Godfrey! Ndakhala ndikugwada pa mwana wa eni, ndikumuuza zamumtima mwanga, zimene mkazi amauza mwamuna wake yekha. Mwana wanga wakhala akuitana mlendo kuti adadi. Iwe ukudya, ukugona, ukumeta anthu!"

Kuyambira pamene ndinakula, anali asananditchulepo kuti iwe. A Malizani anamva phokoso n'kubwera. Atamva nkhaniyo anandigwira pakolala, kenako anatsitsa mawu.

"Mwala wagobedwa kale, dzina lalembedwa, abusa auzidwa. Zimenezi zithere kuseri kuno. Wakufa ndi wakufa, sadandaula dzina."

"Ayi, amalume," anatero achemwali akupukuta m'maso ndi chitenje. "Amayi ake ali moyo. Godfrey, pita ku Bangwe. Upite wekha, ukanene ndi pakamwa pakopo."

Ndinapita. Ndinawapeza mayi Mwanamisi atakhala pamkeka pakhonde, pambali pawo pali mchimwene wawo, a Abdula. Zikuoneka kuti ankandiyembekezera, chifukwa ndisanatsegule pakamwa anandilozera pokhala n'kunena kuti, "Nenani."

Loweruka ku Misesa sikunavundukulidwe chiliza. Kunabwera shehe ndi amuna angapo a ku Bangwe. Anakambirana nthawi yaitali n'kugwirizana kuti asamufukule, agone pomwepo, angomupempherera. Mtanda anauzula ndi achemwali, ndi manja awo, osalola wina kuwathandiza. Amuna atamaliza, mayi Mwanamisi anayandikira. Sanalire mokweza. Anagwira maluwa ofiira aja n'kufunsa kuti anadzala ndani.

"Ndine," anatero achemwali.

"Ndiye kuti sanali yekha. Zikomo, mwana wanga. Mwandisamalira Haruna."

Podutsa pamene ndinaima, anaima pang'ono osandiyang'ana.

"Munandiuza kuti adzabwera," anatero, n'kupitirira.

7

Inu amene mukuwerenga, mwina mukuti pomaliza ndinachita bwino, ndipo mwina n'zoona. Mayi Mwanamisi anasiya kudikira. A Abdula anandiuza kuti tsopano amagona tulo, ndipo anachita sadaka ya mwana wawo. Koma musaganize kuti kuulula mochedwa kumabweza zinthu m'malo mwake. Ndikananena zoona Lachisanu lija m'nyumba yachisoni, achemwali akanalira pamodzi ndi mazana a anthu ena amene abale awo sanapezeke, ndipo bwenzi pano atazolowera. Ine ndinawapatsa manda, anapolerapo bala, kenako ndinawalanda. Ngati mwagwira choonadi chowawa m'manja mwanu lero ndipo mukuti mukumusungira m'bale wanu mtima, dzifunseni bwino ngati si inuyo amene mukuthawa kumuona akulira. Ine ndinkathawa.

Kuyambira mwezi wa Okutobala achemwali anayamba kuyendera abale mmodzimmodzi. Maliro atatha, paja tinagawana zovala za Raymond zimene zinapulumuka chifukwa ankazisunga kwa amayi ake ku Chilomoni. A Malizani anatenga jekete, msuweni wina mathalauza, ine nsapato zachikopa zimene anabwera nazo ku Joni. Tsopano achemwali akuzitolera zonse. Akuzichapa, akuzisita, akuzipachika m'chipinda mwawo. Abusa anayesa kuwalankhula, koma anawayankha kuti, "Mtembo wake anauona ndani? Anthu ena madzi anawatayira kutali, anasokonezeka mutu, ali m'zipatala za ku Mozambiki. Inu mukudziwa bwanji?" Tadala anasiya kunena kuti malemu adadi, chifukwa amayi ake amamukalipira.

Ine sanandiyankhule miyezi inayi. Foni yanga sankayankha, ndipo kutchalitchi ankakhala mbali ina. Sabata yatha ndikumeta kasitomala, ndinawaona pagalasi ataima pakhomo la shopu, ataonda, atanyamula chikwama cha pulasitiki chopanda kanthu. Ndinkaganiza kuti abwera kudzandikhululukira kapena kudzanditukwana, ndipo zonsezo ndikanazilandira ndi manja awiri. Sanalowe. Anayang'ana kumapazi kwanga, kenako ananditambasulira chikwama chija.

"Achimwene, vulani nsapato za alamu anuzo," anatero modekha. "Akabwera adzavala chiyani?"

Ndinavula n'kuwapatsa.